Ndalama Zakufa za Bambo

Dokotala anatipatsa masabata asanu ndi imodzi. Diso lamanzere la Bambo anati tiliiwale, linafa kale. Lamanja likanatha kupulumuka, koma pokhapokha atalichita opaleshoni nthawi imeneyo isanathe. Anajambula diso papepala, n'kutisonyeza kansalu ka kumbuyo kwake kamene kanali katayamba kumatuka. Makina omatira kansaluko anali pachipatala chimodzi chokha mumzinda wonse, cholipira. Atatchula mtengo, Bambo anafunsa ngati umenewo unali wa diso limodzi kapena wa mutu wonse. Dokotala sanaseke.

Pobwerera tinakwera basi. Titadutsa msika Bambo anati, "Tigulitsa buku."

Ndinawayang'ana. Kwathu mawu amenewo anali ngati kunena kuti tigulitsa mwana woyamba, chifukwa pakati pa ine ndi bukulo, loyamba kubwera m'banjamo linali bukulo.

Linali alubamu yaikulu ya chikuto chakuda, ya masamba apulasitiki okhala ndi timatumba. M'kathumba kalikonse munali ndalama yapepala ya nthawi ya atsamunda: masheleni asanu, masheleni khumi, paundi, nkhope za mafumu a kutsidya kwa nyanja atavala zisoti, mfumukazi idakali mtsikana. Bambo anagwira ntchito pawindo logulitsira matikiti pasiteshoni ya sitima zaka makumi atatu ndi chimodzi. Tsiku lina, atangoyamba kumene ntchito, nkhalamba yochokera kutali inawapatsa ya masheleni khumi, osadziwa kuti ndalamazo zinasiya kugwira ntchito kalekale. Bambo anaipatsa tikiti, n'kulipira ndi za m'thumba mwawo, pepalalo n'kulisunga. Matenda otolera ndalama zakale anayambira pamenepo. Loweruka lililonse ankayenda kwa atelala okalamba, kwa eni magolosale akale, kwa amayi amasiye amene anali asanatsegule masutikesi a amuna awo. Ankabwera madzulo nsapato zitatuwa, kapepala kamodzi kali mu envelopu, nthawi zambiri chimanjamanja.

Amayi ankazitcha ndalama zakufa. "Amuna a anzathu amagula nyama," ankatero. "Bambo ako amagula ndalama zakufa ndi ndalama zamoyo."

Amayiwo anagwira ntchito yosita zovala kuhotela zaka makumi awiri ndi zinayi, mpaka miyendo itayamba kutupa. Atasiya, anayamba kuchapira ndi kusitira anthu a mumsewu wathu. Kwathu ngakhale kansalu kopukutira mbale kanali ndi mzere wa simbi. Chinthu chokha m'nyumbamo chimene manja awo anali asanachikhudze chinali bukulo. Linkakhala m'kabati yokiya, kiyi m'thumba mwa Bambo, ndipo m'zaka zonse za ukwati wawo Bambo sanawaonetsepo Amayi tsamba ndi limodzi lomwe. Ine ndinaloledwa kuona, manja kumbuyo, nditakhoza mayeso opita ku yunivesite.

Ku yunivesiteko ndinaphunzira za chuma zaka zinayi. Chumacho sichinabwere kudzandiona. Ndinkagwira ntchito pashopu yofotokopa kuseri kwa maofesi a boma, kachipinda ka makina awiri ndi fani yosazungulira, kufotokopa masatifiketi a anzanga osowa ntchito, ena a magiredi oposa anga. Bambo ankanditcha Madigiri. Akakondwa linkamveka ngati dzina, akakwiya ngati mlandu.

Loweruka Bambo anasamba m'manja kawiri, n'kukhala patebulo pafupi ndi windo. Ankatulutsa ndalama imodziimodzi, ine n'kumajambula ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo. Amayi anadutsa ndi mulu wa mashati, n'kuchedwerako pang'ono kumbuyo kwa mpando.

"Lero akufa akuuka?" anatero.

"Mukutitchinga kuwala, mayi."

Amayi anapitirira. Kuwalako Bambo sikunkawathandiza kwenikweni. Kuona ankaona pang'ono, ngati munthu wosuzumira pachibowo cha kiyi, koma sankadalira diso. Ankayendetsa chala pamwamba pa pepala n'kutchula.

"Paundi ya mlatho. Kona yakumanja inadyedwa ndi njenjete. Ndinaipeza kwa wophika buledi, ankatsekera chibowo cha windo."

"Mwadziwa bwanji osayang'ana?"

"Inki ya ndalama imatumphuka. Bweretsa chala." Anagwira chala changa n'kuchiyendetsa pachisoti cha mfumu. Chinkamvekadi, timizere tokhakhala ngati zipsera. Kenako anapinda pepalalo pang'ono pafupi ndi khutu langa, n'kulira kuti khwaa. "Wamva? Pawindo paja wobwera ndi ndalama yabodza ndinkamugwira ndisanamuyang'ane kumaso."

Ya mapaundi asanu inali patsamba lomaliza, yokha. Inali yaikulu ngati kalata, yotuwa, yopindika panayi, ndi banga la mafuta a makina pakona, chifukwa inakhala zaka zambiri m'dilowa ya telala wina. Bambo anamuyendera telalayo zaka zitatu, n'kusoketsa kwa iye mashati amene sankawafuna, mpaka anagonja. Ndalamayo inatulutsidwa ndi banki imene inagwa agogo anga asanakwatire. Masiku amenewo manijala wa bankiyo ankasayina ndalama iliyonse pamanja, ndi cholembera. Siginecha yake inali pamunsi, inki itasanduka yofiirira, yokhotakhota ngati popalasa nkhuku.

Ndinatumiza zithunzi kwa munthu wina amene ndinamupeza pa intaneti, wogula ndalama zakale n'kumakazigulitsa kunja. Anayankha ola lisanathe. Za zinazo sananene zambiri. Za mapaundi asanu analemba kuti tisaionetse munthu wina aliyense, abwera yekha Lachisanu m'mawa. Mtengo umene anatchula, wa imodzi yokhayo, mmene inalili ndi litsiro lake, unkakwana opaleshoni n'kutsalako za mankhwala.

Madzulo tikudya, ndinatsegula tsamba la pa intaneti limene wogulayo ananditumizira, lofotokoza mmene amaikira mitengo. Ndinayamba kuwerenga mokweza, ndikumasulira. Sindikana, ndinkafuna kuti digiri ioneke ikugwira ntchito ngakhale kamodzi.

"Akuti pali magulu asanu ndi awiri. Yathuyi ili m'gulu lachisanu. Ikanakhala yoyera, yosapindika, yopanda khwinya, mtengo wake ukanaposa pamenepa kakhumi."

"Zimenezo ndinazidziwa iwe uli m'matewera, Madigiri."

"Kakhumi?" anatero Amayi. Anali ataima ndi jagi ya madzi. "Chifukwa cha litsiro basi?"

"Litsiro ndi makwinya," ndinayankha, maso ali pafoni.

"Mayi, izi si za kukhitchini," anatero Bambo. "Tithirireni madzi."

Amayi anathira madzi. Ndime yotsatira patsambalo inali ya zilembo zikuluzikulu. Inkachenjeza kuti ndalama yakale siyenera kuchapidwa, kupukutidwa kapena kusitidwa, ndipo yochapa imatsika kuposa yong'ambika. Ndinaiwerenga chamumtima n'kuidumpha. Bambo ankazidziwa kale, ndipo sindinaganize kuti patebulopo panali munthu wachitatu womvetsera.

Lachinayi linali tsiku loyeza magazi ndi mtima, kukonzekera opaleshoni. Amayi anakana kuti Bambo apite ndi buluku limene anavala sabata yonse.

"Madokotala adzati alibe mkazi."

"Akukandiyeza magazi, mayi, osati buluku."

"Vulani."

Anawasitira lakuda, mzere wakuthwa woti n'kudulira buledi. Bambo anasintha akung'ung'udza, chifukwa tinali titachedwa. Buluku lakalelo linatsala pampando. Wochapa aliyense wodziwa ntchito amayamba wapisa m'matumba.

Kuchipatala tinakhala tsiku lonse. Mipando yake inali yofewa, pakhoma panali wailesi yakanema yopanda mawu, koma kudikira kunali komweko kwa kulikonse. Mlembi wa pakauntala anatilemba pa Lachiwiri la sabata yachiwiri, n'kutikumbutsa kawiri kuti malipiro afike masiku atatu tsikulo lisanakwane, apo ayi malowo apatsidwa kwa wina. Pomaliza anawathira Bambo mankhwala okulitsa mwana wa diso. Tinatuluka atandigwira phewa, dzuwa likuwalasa ngakhale atatsinzina.

Tinapeza nyumba ikuwala. Makatani anali atachapidwa, pansi popolishidwa, paliponse pakununkhira sitachi. Amayi ankaimba chapansipansi, zimene ndinali ndisanazimve chiyambire matenda a Bambo.

"Mlendo wa mawa asatione ngati anthu otayika," anatero. Kenako anawapatsa Bambo kiyi. "Munaiwala m'buluku."

Bambo anangolandira, n'kukagona mutu ukuwawa.

M'mawa Amayi anatuluka kukagula mabisiketi ndi mkaka wa mlendo. Bambo anasamba m'manja, n'kutenga buku kuti aliyendere komaliza. Ine ndinali kuchipinda kupesa tsitsi pamene ndinamva akundiitana, osati Madigiri, koma "iwe".

Ndinawapeza atagwira paundi ya mlatho pakati pa zala ziwiri. Anaiika pansi, n'kutulutsa ina. Anaisisita, n'kuipinda pafupi ndi khutu. Sinalire. Anatulutsa yachitatu.

"Izi si zanga."

"Mukuti chiyani, Bambo?"

"Ndati si zanga. Chisoti chili kuti? Pepala ili likuterera ngati la kalendala." Anatembenuzira nkhope kumene kunali mawu anga, diso lamanja likundifufuza. "Makina a kuntchito kwanu amatulutsa zamitundu, eti? Unandiuza wekha."

Ndinayang'ana patebulo. Ndalamazo zinali zoyera, zowongoka, makona ali chilili ngati kolala ya shati. Mitundu inali itasuluka pang'ono. Ndinaweramira, ndipo fungo la sopo linandiuza zonse mphuno isanafike papepala.

"Unajambula zonse Loweruka, kutsogolo ndi kumbuyo. Ine chitsiru n'kumakugwirira. Zenizeni wapereka kwa ndani? Kapena ndi munthu wakoyu mwagawana kale?"

"Sindinatenge kanthu, Bambo."

"Ndiye zayenda zokha? M'nyumba muno odziwa mtengo wake tilipo awiri." Anamenya tebulo ndi chikhatho, koma pambali, kupewa bukulo. "Ndinakuphunzitsa sukulu kuti udzabere wakhungu? Ukanadikira ndichite kaye khungulo, unatsala mwezi umodzi wokha."

Kuti ndidziyeretse ndinkafunika mawu awiri okha: ndi Amayi. Mawuwo anali pakamwa. Ndinawagwira ndi mano. Sindikudziwa ngati chinali chifundo kapena mantha, popeza kumbuyo kwa mawu awiriwo kunali funso lakuti Amayiwo anazimva kwa ndani. Tili chomwecho geti linalira. Amayi ankalowa ndi kathumba ka mabisiketi, akutsogolera mlendo amene anamupeza pamsewu akufunsa nyumba.

Anali munthu wamfupi, waulemu, wa chikwama chachikopa. Atapereka moni anatulutsa kanyale, kagalasi kokulitsira zinthu ndi magolovesi oyera. Mpaka lero kwathu timamutcha Wamagolovesi.

"Achimwene, ndiyambe ndakuuzani kuti mwangodzivutitsa," anatero Bambo. "Mwana wanga uyu wandisinthira. Awa ndi mafotokope."

Wamagolovesi anandiyang'ana, kenako anayang'ana bukulo. Anatsegula tsamba lomaliza, n'kutulutsa ya mapaundi asanu ndi manja onse awiri. Anaiyatsira kanyale chammbali, n'kuipendeketsa. Inanyezimira ngati yunifolomu yakale ya mlonda. Anaiyerekeza ndi chithunzi cha pafoni yake, nambala ndi nambala. Kenako anainunkhiza, n'kutseka maso kwa kanthawi.

"Achikulire, ndi zenizeni. Manambala ndi omwewo, pepala ndi lomwelo. Mwana wanu sanasinthe kanthu." Anazimitsa kanyale. "Koma ndani wazichapa?"

"Ndine," anatero Amayi.

Anali pakhomo la khitchini ndi thireyi ya tiyi. Ankamwetulira, kumwetulira kumene ndinkakuona ndili mwana, mlendo wa kuhotela akatumiza uthenga wothokoza wosita. Anaika thireyi pansi n'kupukuta manja paepuloni.

"Musade nkhawa, bambo, sindinazikhule. Madzi ofunda, sopo pang'ono, imodziimodzi m'mbale yagalasi. Kuyanika ndinayanika pathaulo, mumthunzi. Posita ndinaika nsalu yonyowa pamwamba, simbi sinakhudze pepala ayi. Palibe yang'ambika ngakhale imodzi."

"Zonse, mayi?"

"Ine sindisiya ntchito theka."

Amayi anapitiriza, mawu akuthamanga pang'ono. "Yovuta inali yaikuluyo. Mafuta a pakona anachoka msanga, koma pamunsi apo wina anachita kukhwatchapo ndi cholembera, kaya anali mwana. Pamenepo ndinachita kuthira bulichi pakathonje, katatu."

Wamagolovesi anaika ndalamayo pansi pa kagalasi, n'kundikodola kuti ndione. Pamene panali siginecha ya manijala panali poyera kuposa pena paliponse. Ukayang'anitsitsa unkaona kamthunzi kachikasu, ngati pamene panagona tsamba pasimenti.

"Mayi," anatero mofatsa, "chokhwatchacho ndiye chinali ndalama. Popanda icho, ili ndi pepala chabe. Ndipo ogula amafuna ndalama mmene zaka zinaisiyira. Yochapa ndi kusita amaidziwira patali. Inki yaphwa, pepala lafa."

"Koma mwana anati yoyera imakwera kakhumi."

Onse anatembenukira kwa ine, ngakhale Bambo.

"Yoyera yosagwiritsidwa ntchito, Amayi," ndinatero. "Yobadwa yoyera."

"Sunatero."

"Sindinatero."

Amayi anakhala pampando umene unali pafupi. Anayang'ana manja awo, kenako anayang'ana kapu za pathireyi.

"Nanga ndikazidetsanso? Tiyi amadetsa bwino. Ndikhoza kuzipindanso mmene zinalili, mizere yake ndikuikumbukira."

"Litsiro lija linatenga zaka makumi asanu ndi anayi, mayi."

Wamagolovesi anayendera bukulo tsamba ndi tsamba, mwina poyembekeza kuti pali imene inapulumuka. Panalibe. Amayi ananena zoona. Munthuyo sanali woipa. Pofika kumapeto maso ake anali atafiira, ngakhale ndikuganiza kuti ankalirira mapaundi asanu, osati ife. Anati zotere zodziwika padziko lonse zinalipo zisanu ndi imodzi. Kenako anatchula mtengo wa buku lonse. Unali wokwana bedi la kuchipatala kuja tsiku limodzi, popanda dokotala.

"Ndikagone tsiku limodzi kumeneko kuti ndikaone chiyani?" anatero Bambo. "Nanga zithunzi za pafoni simugula? Pamenepo zonse zilipo, ndi mafuta omwe."

Wamagolovesi anayesa kuseka, sizinatheke. Bambo anatseka buku.

"Mwana akuperekezeni. Pepani ndi ulendo."

Tili pageti anavula magolovesi n'kuwapinda bwinobwino. "Achemwali, tsamba lija ndinakutumizirani lonse, si choncho?"

"Munatumiza lonse."

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza aliyense ali pamene ndinamusiya, tiyi atachita khungu m'kapu. Ndinkayembekeza phokoso. Bambo ndi munthu woti ankakalipa supuni ikagwa. Koma anangofunsa, osatembenukira kwa aliyense, "Munatenga maola angati?"

"Tsiku lonse," anatero Amayi.

"Zikumveka." Anadzuka, n'kulowa kuchipinda akupapasa khoma. Kwa ine sanapepese. Sindinali pamalo oti n'kufunsa chipepeso.

Masana ndinawapeza Amayi kuseri akuanula mashati a anthu. Ndinayamba kuwathandiza kupinda. Anandilanda shati limodzi n'kulipindanso.

"Ndinati kakhumi," anatero. "Ndinati diso ili, ndi linalo lomwe mwina kunja angalidzutse. Ndinati iwenso usiye kuotha makina aja."

"Ndikanamaliza kuwerenga, Amayi."

"Ukanamaliza kwa ndani? Unkawerengera bambo ako." Anachotsa chopanira pachingwe. "Ndi zokongola, ukudziwa? Pali ina ya azimayi akutola thonje. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali ili m'madzi. Zaka zonsezi ndimayesa ndi nkhope za azungu zokhazokha."

Tinatsala ndi masiku asanu ndi atatu. Ndinayenda. Amalume anati nthawi ndi yovuta, n'kundipatsa ya basi. Abwana a pashopu anandimvera chisoni chenicheni, n'kundilola kufotokopa makalata opempha thandizo kwaulere. Ndinajambula ndalamazo mwatsopano n'kutumiza kwa ogula ena awiri, osanena kanthu. Mmodzi sanayankhe. Winayo anayankha ndi mawu amodzi: "Yasitidwa?" Kuchipatala chaulere anatilemba pamndandanda wa madokotala a kunja amene ankayembekezeka chaka chinacho. Amayi anayamba kulandira zochapa za misewu itatu, miyendo n'kutupa mpaka masilipasi osalowa. Zimene ankapeza ankaziika patebulo pafupi ndi mbale ya Bambo. Bambo ankadya n'kudzuka, osazikhudza.

Chichokereni Wamagolovesi, awiriwo sanayankhulanenso mwachindunji. Zonse zinkadzera mwa ine. "Uwauze amayi ako mchere wachepa." "Uwafunse bambo ako ngati asambe tsopano." Ndinasanduka positi ofesi ya nyumba ya zipinda zitatu.

Tsiku lina Amayi atapita kukapereka zovala, ndinawauza Bambo za ndime imene ndinaidumpha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ukufuna ndigawe mlandu pawiri?" anatero. "Gawa patatu. Zaka makumi atatu ndi zinayi tili limodzi. Ndikanawauza mawu amodzi okha lilime likanathothoka?"

"Ndiye muwauze zimenezo."

"Uwauze ndiwe."

Imeneyo ndi kalata yokha imene ndinakana kunyamula.

Loweruka lomaliza ndinapita kuchipatala ndekha. Ndikanatha kuimba foni, koma ndinkaganiza kuti nkhope ingathandize. Mlembi anamvetsera, n'kufunsa ngati tili ndi theka. Tinalibe ngakhale theka la theka. Anafufuta dzina la Bambo pakompyuta ndi chala chimodzi, n'kuimbira munthu wotsatira ine ndidakali chiimire. Ndinamva mayi wa mbali inayo akufuula mokondwa, akuitana ana ake kuti adzamve. Mlembi anatseka foni ndi dzanja n'kunena kuti pepani.

Mdima unabwera kuchokera pansi. Choyamba Bambo anasiya kuona mbale patebulo, kenako manja awo, kenako nkhope za anthu, n'kumangoona tsitsi ndi denga. Masabata a dokotala anatha iwo akuonabe pang'ono, moti ankati munthuyo sadziwa masamu. Panadutsa ena awiri.

M'mawa wina ndikutuluka kupita kuntchito, ndinawapeza pakhonde akumeta, kagalasi katapachikidwa pamsomali, beseni lili pampando. Anali atamaliza tsaya limodzi. Dzanja linali litaima m'mwamba, lezala lili m'zala.

"Madigiri, galasi lagwa?"

"Lili pomwepo, Bambo."

"Dzuwa latuluka?"

"Latuluka."

Anagwedeza mutu. Anakhala choncho, thovu likuuma patsaya linalo. Ndinaika chikwama pansi kuti ndiwathandize, koma anakweza dzanja.

"Iwe ungandicheke. Pita, uchedwa." Anatembenuzira mutu kumene kunkamveka madzi, kuseri kwa nyumba. "Mayi!"

Madzi anasiya kulira. Amayi anatulukira pakona, mikono ili noninoni, n'kuima patali. Anandiyang'ana ine, kudikira uthenga.

"Ndaitana inu," anatero Bambo. "Bwerani mudzandimalize mbali iyi. Sindikuonanso."

Amayi anapukuta manja paepuloni, chala chimodzichimodzi. Analandira lezala. Kenako anagwira chibwano cha Bambo n'kuchikweza.

"Musagwedezeke," anatero.

Ndinatseka geti pang'onopang'ono. Basi yoyamba inali itandisiya.